Nyerere m'Chokuzira Mawu cha Gelesomu

Ana inu, ena amati mwambi wa chikomekome cha mkuyu ndi wakale kuposa wayilesi. Mwina n'zoona. Koma ku Chilomoni amaufotokoza chonchi.

Lustia ndi mchimwene wake Gelesomu ankakonda kulumikiza tizipangizo ta wayilesi akaweruka kuntchito. Chinkhoswe cha mwana wa Lustia chitayandikira, Gelesomu analonjeza kupanga chokuzira mawu.

Tsiku lina Lustia anamupeza akuwotcherera timawaya ndi mtovu pa kabolodi ka m'kati mwa chokuziracho, uku akutafuna nzimbe, madzi ake akudonthera pomwepo.

"Achimwene, kabolodiko munakapukuta ndi sipiriti musanayambe?"

"Mtovu umagwira wokha, achemwali."

"Nanga utomoni wa mtovuwo umene watsala mowotchereramo? Tengani mswachi muuchotse. Ukakoka chinyezi udzadya mkuwa wa pa kabolodipo."

"Alendo adzasuzumira m'kati? Inu dikirani muone bokosi lake."

Bokosilo analipaladi, n'kulipaka vanishi mpaka linkawala. Lustia zinamunyansa. Munthu wotha masiku akusalaza thabwa, koma wosowa kamphindi kotsukira chinthu chimene chimayankhulacho.

Pa tsiku la chinkhoswe anthu anakhala pansi pa mkuyu, ndipo akuchimuna analiyamikira bokosi lija. Koma ankhoswe atangoyamba kulankhula kuti apatsane nkhuku, chokuziracho chinakhosomola, chinatulutsa kautsi, n'kukhala chete. Akumbuyo sanamve kanthu. Mwana wa Lustia anazolika, ndipo mayi wina wakuchimuna ananong'ona mokweza dala kuti, "Kodi kubanja kuno zinthu zake n'zotere?"

Lustia anamasula bokosilo mokwiya. Mkuwa wa pa kabolodi unali utabiriwira, ndipo nyerere zotsata madzi a nzimbe aja zinali yakaliyakali, zina zitapserera pakati pa timawaya.

"N'chinyezi cha chaka chino," anatero Gelesomu.

"Chinyezi chili ndi miyendo, achimwene? Mwachititsa manyazi mwana wanga pamaso pa apongozi ake chifukwa cha ulesi wogwira mswachi."

Lustia anatola nkhuyu yofiira bwino imene inagwa pambali pake, n'kuing'amba pamaso pa mchimwene wakeyo. Nayonso inali yodzaza nyerere.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Tanthauzo lake n'lakuti kukongola kwa kunja sikunena za m'kati. Ntchito imaola poyambira pamene mwini wake akuganiza kuti palibe adzaonepo, ndipo ikamadzaululika manyazi ake amagwera ndi osalakwa omwe.