Nyamalikiti ndi mpira wa m'mwamba

Padangokhala, kale nyama zikadamenya mpira, Mbira anali kaputeni wa timu ya ku Dambo. Tsiku lomwe anawabweretsera mphunzitsi watsopano, a Nyamalikiti, Mbira anaona kanthu koma anangosunga mumtima: a Nyamalikiti popereka moni, maso awo anali kunsonga za mitengo.

A Nyamalikiti anali katswiri. Zaka khumi anagoletsa zigoli ndi mutu, mpaka mawondo anayamba kulira. A Nyamalikiti atasiya kusewera, a Mvuu, wapampando wa timu, anachotsa mphunzitsi wakale nati, "Ameneyu anagoletsapo chigoli chiti? Ife tikufuna dzina!"

Tsono osewera a ku Dambo anali afupiafupi: Mbira, Nungu, Fulu, Kanyimbi ndi anzawo. Mpira wawo unali wapansi, wopatsirana m'maudzu.

"Amenewo ndi masanje," anatero a Nyamalikiti. "M'mwamba! Mpira m'mwamba!"

Mpira m'mwamba, Mbira kudumpha, mpira kudutsa. Mpira m'mwamba, Nungu kudumpha, mpira kudutsa. Fulu ndiye ankangobisa mutu.

"Ine ndinkangotere basi," ankatero mphunzitsiyo akugwedeza khosi. "Chovuta n'chiyani? Ulesi!"

Anagonja kwa a Njati. Anagonja kwa a Mbidzi. Anagonja ngakhale kwa Anyani, amene theka la masewero ankangopalana nsabwe. Anatsala masewero amodzi, olimbana ndi a Nthiwatiwa. Akagonja, atuluka mu ligi.

Chigawo choyamba chinatha a Nthiwatiwa atagoletsa ziwiri. Mipira yonse ya m'mwamba ankangoitola ngati akuthyola mango. Mbira, amene sankayankhulayankhula, mtima unamuwawa.

"Akochi, ndiyankhuleko?"

"Akuyankhula ndani?"

"Ndine, pansi pano. Tatsitsani khosi muone mpira mmene timauonera ife. Tiloleni timenye wathu wapansi uja."

"Iwe, kanthu kopanda ndi mchira womwe, ungaphunzitse ine mpira? Chigoli changa cha ku Mtsinje chija unali utabadwa?"

"Ndinali ndisanabadwe, akochi. Koma khosi lanulo simunatigawireko."

Nungu anaseka mpaka minga yake inachita phokoso.

"Vula jezi!" anakalipa a Nyamalikiti. "Khala panja. Ndilowa ndekha muone mpira."

Jezi ya Mbira inangowathera m'khosi ngati mkanda, koma masapota anaimba nthungululu bwalo lonse. Mbira anakhala pa chitsa akukukuta mano.

"M'mwamba! Mpira m'mwamba!"

Nungu anaumenya m'mwamba. A Nyamalikiti anadumpha ngati kale. Bondo linati thyo! Iwo pansi khu! Khosi lonse linayala pa udzu ngati mlongoti wagwa. Ali chigonere, mpira wina unawadutsa pamwamba, ukuoneka waung'ono ngati dzira la njiwa, dzuwa likuthobwa m'maso.

"Kodi mumauona chonchi?" a Nyamalikiti anafunsa Fulu amene anali pafupi.

"Miyezi isanu ndi umodzi tsopano, akochi."

Anawanyamula a Njati anayi. Woimbira anaimba wezulo womaliza a Nthiwatiwa atagoletsa zigoli zinayi, ndipo timu ya ku Dambo inatuluka mu ligi.

M'mawa mwake Mbira analawirira ku bwalo. Anapeza a Nyamalikiti atakhala pamthunzi, bondo lomangidwa ndi luzi. A Mvuu anali ndi nsungwi m'manja, osewera ali pamzere.

"Akochi alibe mlandu," anatero a Mvuu. "Vuto ndi inuyo, mwafupikitsa. Amene safika pansonga ya nsungwiyi, kwawo."

Anamuyeza Fulu, kwawo. Anamuyeza Kanyimbi, kwawo. A Nyamalikiti anangozyolika. Mbira sanadikire kuti amuyeze. Anatola nsapato zake n'kumapita.

Nthano yanga yagona pamenepo. Kudziwa kuvina si kudziwa kuphunzitsa gule: wamtali akafuna kuphunzitsa aafupi, ayambe wagwada.