Kanyumba ka Inveta ya a Chakhaza

Khalani pansi, ana inu, phokoso lithe. Ena adzakuuzani kuti mwambi wa lerowu ndi wakale kuposa magetsi a dzuwa. Asiyeni anene. Ine mwini wake wa nkhaniyi tinkamwera chitsime chimodzi.

Kwathu ku Kasiya kunali a Chakhaza, munthu woyamba kuika sola padenga m'mudzi monse. Anali ndi mabatire ndi inveta, kabokosi kosandutsa moto wa m'batire kukhala magetsi a m'nyumba. Invetayo inali yakalekale, koma mababu ndi wailesi inkayatsa bwinobwino. Chilema cha bambowa chinali chimodzi: ukati uwauze kanthu, usanafike n'komwe pakati, ankakudula kuti, "Ndadziwa kale."

Mwana wawo Mwatitha atapeza banja, a Chakhaza anagula firiji yatsopano yosungiramo nyama ya pachinkhoswe. Ankafuna akuchimuna aone kuti mwanayo akuchokera pakhomo pa anthu.

Koma firiji, ana inu, ikamadzuka kuti iziziritse imakoka moto wambiri nthawi imodzi, ngati ng'ombe poyamba kukoka ngolo. Inveta yokalamba ija inkangolira kuti tswii, n'kuzima. Mkazi wawo, Nachisale, anatulukira kuti akazimitsa mababu ndi wailesi, n'kudina kabatani kakumbuyo kwa inveta, firiji inkayambanso. Ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku osauza munthu.

Tsiku lina a Chakhaza anawapeza atawerama pamenepo, inveta ikulira.

"Ohoo! Kani ndinu mukuiliza? Manja ambiri ndi amene akundiwonongera chinthuchi!"

"Ayi, bambo a Mwatitha, ine ndimangoti ikazima..."

"Ndadziwa kale."

Bambo aja anatenga njerwa ndi simenti. Anamanga kanyumba pakhonde, mabatire ndi inveta zili m'kati, pamwamba n'kuwakapo ndithu. Anangosiya timabowo ta mpweya ndi potulukira mawaya.

"Nanga khomo?" anafunsa Nachisale.

"Khomo la chiyani? Khomo ndi limene limalowetsa manja."

"Komatu ikazima pamafunika munthu woti..."

"Mayi, ndati ndadziwa kale."

Chinkhoswe chitayandikira anapha mbuzi ndi nkhuku, firiji n'kudzaza kuti tho. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Firiji itadzuka, m'kanyumba muja munamveka tswii, kenaka zii. Nachisale anapisa bango pakabowo, koma kabatani kanali kataloza kukhoma. Mtima wawo unali m'mwamba, poti ndiwo zina zopatsa alendo panalibe.

"Tigumule khomali nyama isanawonongeke," anadandaula motero.

"Ikupuma imeneyo, iyaka yokha," anatero a Chakhaza. "Ndipo wina asatsegule firijiyo, kuzizira kungathawe."

Mwamva? Ngakhale mpata wowamba nyamayo pamoto anautseka ndi pakamwa pawo. Inveta sinayake tsiku limenelo, ngakhale mawa lake.

Tsiku la chinkhoswe akuchimuna anafika akuimba, nthungululu zili pakamwa. Amayi ophika anatsegula firiji. Kalanga ine! Fungo lake linathamangitsa anthu pabwalo, ntchentche zokha ndi zimene zinakondwa. Mwatitha anathawira kuchipinda akulira, ndipo kunena zoona, ine ndemwe misozi inalengeza.

Apo ndiye a Chakhaza ananyamula hamala n'kuyamba kugumula kanyumba kaja alendo onse akuona. Litabooka khoma, Nachisale anapisa dzanja n'kudina kabatani. Pomwepo firiji inayamba kung'ung'udza, kuziziritsa nyama yowola.

Nkhoswe ya kuchimuna, mkulu waulemu wake, inayang'ana zigumukire zija n'kufunsa modekha, "Pepanitu bambo, kodi nyumbayi khomo lake linali mbali iti?"

A Chakhaza anangoika hamala ija pansi. Alendo a ulendo wautali anadyera nkhwani wotendera, ndipo bambo aja sanathe kumuyang'ana mwana wawo kumaso.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo." Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wokana kumva za anzake amalakwitsa ngakhale chinthu chimene mwana wamng'ono angachione. Kudziwa si mlandu, a Chakhaza ankadziwadi zambiri. Koma chimodzi chimene sankachidziwa chinali m'kamwa mwa mkazi wawo, ndipo sanawalole kumaliza mawu awo. Manyazi akewo anagwera mwana wosalakwa pa tsiku lake lalikulu.