Khoswe Amene Sanawerengedwe

Mumzinda wina munali munthu wina wophunzira kwambiri, dzina lake Kaliwo, amene ntchito yake inali kuyesa mankhwala a m'mafakitale asanafike m'manja mwa anthu. Ankayesera pa makoswe oyera, oleredwa m'makola aukhondo woposa wa nyumba zambiri za mumzindawo. Ankameta ubweya pamsana pa khoswe, n'kupakapo mankhwalawo, n'kumangapo bandeji. Tsiku lotsatira ankamasula ndi kutsuka, kenako n'kumayang'anira kuti aone ngati khosweyo angadwale, kuonda kapena kufa. Lamulo la ntchitoyo linali losapita m'mbali: khungu loyeserapo liyenera kukhala lathunthu, lopanda bala ngakhale laling'ono.

Kaliwo ankanyadira dzanja lake. Mnzake akacheka khoswe pometa, iye ankamunyoza pagulu, ati anthu ena akanakhala ometa pamsika bwenzi mzinda wonse ulibe makutu. Anthu ankaseka, wonyozedwayo n'kuwerama.

Chaka china kampani ina yokonza matabwa inatumiza mankhwala atsopano oviikamo matabwa kuti chiswe chisadye. Kaliwo anameta, anapaka, anamanga. Kutacha anapeza makoswe onse akudya bwinobwino kupatula mmodzi, amene anali atagona chammbali, akunjenjemera, dovu lili kukamwa. Dzuwa lisanafike pamutu khosweyo anafa. Atamasula bandeji, Kaliwo anaona kabala kakang'ono, ngati pokandidwa ndi munga. Wometa khoswe ameneyo anali iye mwini.

Lamulo linkamulola kusamuwerengera khosweyo, popeza khungu lake silinali lathunthu. Koma lamulo lomwelo silinkamuletsa kulemba zimene maso ake anaona, zoti mankhwala amene khungu labwino linawakaniza analowera pa kabala kamodzi n'kupha. Kungoti kulemba zimenezo kunali kuuza anthu onse amene anawanyoza aja kuti dzanja la Kaliwo nalonso limaterereka. Choncho ananyamula khosweyo, anakamuponya m'ng'anjo yotenthera nyama zakufa, n'kumeta wina mosamala kwambiri. Watsopanoyo sanadwale. Kaliwo analemba kuti mankhwalawo ndi osaopsa pakhungu, ndipo m'zimene analembazo munalibe liwu ngakhale limodzi labodza.

Tsono ku kampani ya matabwa ija kunkagwira ntchito mlamu wake, Zakeyu, mwamuna wa mlongo wake. Zakeyu ndi amene ankamiza matabwa m'thanki ya mankhwala ndi kuwavuula. Anali munthu wanthabwala, ndipo kuntchito ankadzitama kuti m'banja mwawo muli munthu wasayansi.

Lamlungu lina, potuluka kutchalitchi, Zakeyu anadzera kwa mlamu wakeyo. Atamupatsa tiyi, anayamba kudandaula za magolovesi a kuntchito, ati amang'ambika tsiku lomwelo, ndipo m'kati mwake manja amachita kubwata ngati mbatata.

"Alamu, makoswe anu aja akuti bwanji? Tiziphikabe manja athu, kapena mwatimasula?"

Kaliwo anaona manja amene anagwira kapu ija. Anali manja a munthu wa matabwa, odzaza ming'alu ndi mabala a zisonga, ena ouma, ena aawisi. Anawaona bwinobwino, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwake n'chakuti kapuyo iyenera kutsukidwa kawiri.

"Khoswe ndi kanthu kofooka kuposa inu, alamu," anatero Kaliwo, "koma pa onse amene ndinawerenga palibe anayetsemula n'komwe."

Zakeyu anaseka mpaka kutsamwa. Lolemba anapachika magolovesi pamsomali, n'kumiza mikono m'thanki mpaka m'zigongono, uku akuuza anzake kuti mantha ndi a anthu opanda achibale ophunzira. Sabata isanathe anagwa pambali pa thankiyo, thukuta lili kamukamu, thupi lonse likunjenjemera.

Kuchipatala dokotala anafunsa za ntchito yake, ndipo atamva za thanki anafuna kudziwa ngati mankhwalawo ankakhudza khungu. Zakeyu, lilime likulemera, anapukusa mutu mwamphamvu.

"Ayi, adokotala, musataye nthawi kumeneko. Mankhwala aja anayesa ndi alamu angawa. Funani kwina."

Dokotala anacheukira Kaliwo, amene anali chilili kumiyendo kwa bedi, atavala taye. Mlongo wa Kaliwo, mkazi wa wodwalayo, nayenso anamuyang'ana, maso odzaza chikhulupiriro. Chimene chinkafunika chinali chiganizo chimodzi chokha, choti mwana wa pulayimale akanatha kunena. Kaliwo anakonza kukhosi n'kunena kuti malinga ndi zotsatira zovomerezeka, mankhwalawo ndi osaopsa pakhungu lathunthu. Liwu lakuti lathunthu analitchula motsitsa, ndipo palibe anafunsa tanthauzo lake.

Choncho achipatala anafuna kwina. Anayeza malungo, anayeza shuga, anayeza kuthamanga kwa magazi. Pamene ankabwerera ku funso loyamba lija, poizoni anali atachita kale zake. Zakeyu sanafe. Anatuluka ndi zala zopuwala, zosatha kugwira thabwa, khasu kapena batani la malaya ake. Ntchito inatha. M'mawa uliwonse mkazi wake ndi amene amamuveka.

Inu amene mwangovala kumene majasi oyera a mu labotale, mvetsani. Ndatopa kumva anthu ophunzira akunena kuti anatsata ndondomeko, ngati kuti ndondomeko ili ndi khungu loti lingapse. Lamulo la khungu lathunthu si loipa ayi; linaikidwa kuti zoyesa za kuno zifanane ndi za kwina. Koma kodi munamuonapo kuti mmisiri wa manja osalala? Anthu amene adzagwire zimene mukuyesazo ali ndi ming'alu ya chisanu, mabala a zikwanje, zilonda za simenti. Nyama imene yakuonongerani zotsatira nthawi zina ndi yokhayo imene ikufanana nawo. Musaiwerengere ngati lamulo likutero, koma lembani kuti inafa, ndipo lembani chimene inafera, ngakhale chikhale dzanja lanu lomwe. Manyazi a munthu wophunzira amatha pa sabata imodzi, koma zala sizimeranso.

Kaliwo anapuma pantchito mwaulemu, anzake anamuchitira phwando ndi kumuyamikira kuti sanaphwanyepo lamulo. Zakeyu akadali moyo, ndipo akadauzabe alendo kuti matenda ake anasokoneza ngakhale mlamu wake wasayansi. Kaliwo ali naye ngongole ya choonadi munthu ameneyu. Sanabweze.