Nyanga Yachiwiri ya Chilombo cha a Masauko

M'chaka cha 2008, pamene mashelefu a m'masitolo a mu Harare ankangosunga fumbi, a Masauko ankagulitsa zovala za kaunjika panja pa nyumba yawo ku Rugare. Anali munthu wosamala pa ntchito. Shati yothothoka batani sinkafika pa chingwe asanaisokerere lina, chifukwa iwo ankati wogula amayamba waona chilema asanafunse mtengo. Analinso ndi lamulo lina. Atachotsedwa pa famu imene anakulira, mapepala awo onse ananyowa ndi mvula pa lole, ndipo zinawatengera zaka zitatu kuti apezenso chitupa. Kuyambira apo pepala lililonse lofunika ankalimatitsa m'pulasitiki, ngakhale khadi la kusikelo la mwana wawo Tsitsi, yemwe anali atakwatiwa kale.

Tsiku lina akupisa m'matumba a jekete ya m'belo latsopano, anapeza envulopu. Mkati mwake, pakati pa timakatoni tiwiri, munali khadi lonyezimira la zilembo za Chijapani. Pakhadipo anajambulapo chilombo cha thupi la nkhanu ndi mutu wa ng'ombe, nyenyezi zisanu ndi ziwiri pamwamba pake. Chilombocho chinali ndi nyanga imodzi yokha, yakumanzere.

Anaonetsa Lovejoy, mnansi wawo wochita malonda a ku Joni. Lovejoy atangoliona anapukuta manja pa buluku. Anati limeneli ndi khadi la masewero a ku Japan, momwe anthu amamenyanitsa zilombo za papepala, ndipo ku Joni akudziwa mzungu wina wa sitolo amene amasaka makhadi otere. Analijambula ndi foni, nalonjeza kuti mzunguyo akalifuna, adzabwera ndi ufa, shuga ndi mafuta ophikira. M'nyumba mwa a Masauko ufa unali utatsala wa m'kachitini, ndipo tiyi ankamwa wopanda kanthu kwa mwezi wachiwiri.

"Koma sekuru," anatero Lovejoy, powatchula mwaulemu ngati agogo, "musalikhudze. Mukuona apa pamutupa..."

"Ndaonapo kale," anamudula a Masauko. "Ndinayamba malonda iwe ukuyamwa. Thamangira kombi yako ya ku Joni, ingakusiye."

Lovejoy atapita, nyanga ija inawasowetsa mtendere. Anauza akazi awo, mayi a Tsitsi, kuti mnyamata uja waona chilemacho ndipo akufuna kudzatsitsira mtengo pomwepo. Ng'ombe ya nyanga imodzi, ngakhale pa famu paja, inkagulidwa monyozeka. Mayiwo anati nambala ya Lovejoy ilipo, ndipo kufunsa sikuthyola mwendo.

"Ndifunse mwana kuti ng'ombe imakhala ndi nyanga zingati?"

"Si ng'ombe imeneyo, bambo a Tsitsi. Ng'ombe ya zala za nkhanu munaiweta kuti?"

A Masauko anavala magalasi, nakhala padzuwa ndi bolopeni yakuda, lilime lili panja. Nyanga imene anajambula inatuluka yaitali kuposa inzake, choncho anatalikitsako ndi yakumanzere kuti zifanane. Atayang'anitsitsa anakhutira, nati ngakhale Mjapani mwini wake akanawathokoza.

Kunatsala kuliteteza. Anayenda wapansi mpaka ku Graniteside, kwa munthu wina wa makina omatira mapepala m'pulasitiki. Magetsi kunalibe. Anabwereranso mawa lake, kulibe. Tsiku lachitatu magetsi anabwera mwaukali, makina anatentha mopitirira, ndipo khadi linatuluka litapindika ngati tsamba la fodya, ndi kathovu pamphuno pa chilombo. Mwini makina anakana ndalama, poti mitengo inkakwera tsiku ndi tsiku ndipo zikanafika madzulo zitatha mphamvu, ndiye a Masauko anamusiyira buluku labwino la m'belo lija. Anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Patatha masabata awiri Lovejoy anafika akukankha wilibala. Munali matumba awiri a ufa, chigubu cha mafuta ndi shuga. Anansi anayamba kusuzumira pa mpanda. Iye anati mzungu uja ataona chithunzi anakhala pansi, ndipo katunduyu ndi chikole chabe. Mayi a Tsitsi anali atagwira kale chigubu chija ngati khanda.

A Masauko anatulutsa khadi m'thumba la shati, naliika pa tebulo modzitama.

Lovejoy analiyang'ana nthawi yaitali. Analitembenuza, nalitembenuzanso. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti khadi lija la nyanga imodzi lili kuti.

"Ndi lomweli. Ndalikonza. Tsopano usandiuze za kutsitsa mtengo."

Apo m'pamene Lovejoy anamaliza mawu amene anadulidwa tsiku lija. Chilombo chimenechi, iye anati, n'chofooka pa masewero, ndipo makhadi ake a nyanga ziwiri ali mbwee, ana a ku Joni amapatsana ulere. Koma ulendo wina makina osindikizira analakwitsa, natulutsa ochepa a nyanga imodzi, ndipo kampani inawabweza n'kuwaononga. Amene anapulumuka ndiwo amasakidwa. Chimene mzungu ankagula ndi chilema chomwecho, pa khadi losakhudzidwa.

A Masauko anafunsa ngati inki singachoke ndi sopo. Lovejoy anagogoda pulasitiki ija ndi chala, nati ntchito imeneyi anaigwira bwino kwambiri, ngakhale mvula ya pa lole siingalowe.

Katundu anali wa mwini wake, ndipo anayenera kubwerera. Mayi a Tsitsi anabweza chigubu mu wilibala pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Lovejoy, pochita manyazi, anawasiyira kapu imodzi ya shuga. Wilibala inatuluka pa geti ikulira, anansi akuiperekeza ndi maso.

Mayiwo anatola khadi lija, nalipereka kwa amuna awo ndi manja awiri.

"Sungani pamodzi ndi chitupa chanu. Nyanga chili nazo, mapepala ake ali bwino. Mawa mupite nacho chikafune ntchito, mwina chitidyetsa."

A Masauko alisungadi mpaka lero, ndipo silinanyowepo. Koma munthu akabwera ndi shati yoti asokerere batani, amayamba afunsa kawiri ngati mwini wake akulifunadi batanilo. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.