Galimoto Yosalankhula ya Loris

Kunyumba kwa a Oriano Cavedoni, paphiri loyang'ana mzinda wa Modena, sankaponya timitanda ta totelini mumsuzi poyang'ana wotchi. Lamulungu lililonse msuzi wa nkhuku unkawira pamoto, timitanda tokutira nyamato tili ndandanda patebulo, zonse zikudikira khutu la mwini nyumba. Galimoto yofiira ya mwana wawo Loris ikangobangula pakona ya kumanda, kumunsi kwa phiri, mkuluyo ankagunda ndodo pansi.

"Nerina! Ponya mumsuzi! Wafika wamisala uja!"

Nerina, mwana wawo wamkulu, ankaponyadi, ndipo Loris ankalowa mbale zikufuka nthunzi.

Galimotoyo anaigula a Oriano eni ake, fakitale yawo ya matailosi ikuyenda bwino, kenaka n'kuipereka kwa Loris. Inali yamakani ngati mbuzi. Kukazizira inkakana kudzuka, giya yake inkafuna mkono wolimba, mkati munkatentha ngati uvuni wa buledi. Koma ikatsegula kukhosi, agalu a phiri lonse ankavomera, ansembe n'kuyamba aimitsa ulaliki kuti idutse.

Ukalamba utafika, nzeru za a Oriano zinayamba kuyoyoka. Nkhope anaziiwala, mayina anawasokoneza. Nerina yemwe masiku ena ankamuitana dzina la malemu mayi ake. Chimodzi chokha chinakanirira m'mutumo: mawu a injini ija. Munthu wolowa pakhomo kubangulako kutangotha, ameneyo ndiye anali Loris.

Tsoka linadzera kwa Wainer, mnzake wa Loris kuyambira ali ana. Iye anagula galimoto yatsopano, yotuwa, yoyendera magetsi, yosatsokomola n'komwe. Atakumana kubwalo la mpikisano wa magalimoto Loweruka lina, yotuwayo inasiya yofiira ngati yaima.

"Aise, phokoso lonse lija ndimayesa ukubwera," anatero Wainer anzawo akumva. "Ndafika, ndamwa khofi, ndapesa tsitsi. Agogo akowa ukawagulire mankhwala a chifuwa."

Anthu anaseka, Loris anaseka nawo ndi mano okha. Sabata isanathe anali atapeza wogula yofiira, munthu wa kutsidya kwa nyanja, ndipo anaitanitsa yamagetsi, yotuwanso, yoposa ya Wainer.

Nerina atamva anamuimbira foni.

"Iwe, mutu ukuyenda? Bambo amakudziwira kukhutu. Ukagulitsa imeneyo wagulitsa dzina lako m'nyumba muno."

"Achemwali, galimoto si kwaya. Ntchito yake n'kuthamanga. Nanga ine anandibereka ndi injini? Magazi amadziwana."

"Magazi ako salira pakona ya kumanda."

"Azolowera," anatero Loris, n'kudula foni.

Lamulungu lotsatira anakwera phirilo ngati mphezi. Makona onse galimoto inakhota yokha, iye manja ali phee, thukuta ayi. Anafika msuzi usanawire. Palibe galu anauwa. Anapeza bambo ake ali pawindo, dzanja kukhutu.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

A Oriano anamuyang'ana kuyambira kunsapato. Anasuzumira panja, naona chinthu chotuwa chili ndi chingwe cholumikiza kukhoma.

"Ndaswera. Ndinu a magetsi? Mita ili kuseri. Koma kugwira ntchito Lamulungu, mulibe kwanu?"

"Ndine Loris, bambo. Mwana wanu."

"Musandipusitse, ine si mwana. Loris akamabwera, mawindo awa amanjenjemera. Nerina, usaponye! Sanafike."

Tsiku limenelo msuzi unaphwera pamoto. Mkuluyo anakana kudya mwana wake ali m'njira.

Munthu wina akanagonja pomwepo, yofiira isanakwere sitima. Loris ayi. Anati nkhalamba siingamuuze galimoto yoyendetsa. Sabata yotsatira anabwera ndi nzeru: galimoto zatsopanozi zili ndi batani loti ukadina, masipika amatulutsa phokoso la injini. Anadina pakona ya kumanda, nakwera phiri chikubangula.

A Oriano anatchera khutu, nkhope n'kuwala pang'ono, kenaka n'kukwinya.

"Ndani akuliza wailesi panjapo? Chinthu chosapuma, chosameza malovu! Yathu ija imatsamwa pokwera pamjigo, kenaka n'kukalipa. Muuzeni azimitse, ndingaphonye mwana wanga."

Loris anakokera mlongo wake kukhitchini.

"Auzeni kuti ndine. Inu amakumverani."

"Ndawauza mpaka mawu kusasa," anatero Nerina. "Akuti ndagwirizana ndi munthu wa magetsi kuti tiwabere nyumba. Phala waphika wekha, imwa."

Zinthu zinafika poipa. Popeza m'maganizo mwa bambo ake Loris sankafika, kwa a Oriano tsiku lililonse linasanduka Lamulungu. Ankakhala pawindo kuyambira m'mawa, mbale akukankha. Malaya anayamba kuwakulira. Apo m'pamene Loris anathyola khosi, nafunafuna wogula uja. Anamupeza pafoni. Munthuyo anati yofiira anaiika m'chipinda cha magalasi pamodzi ndi zinzake, sailiza kuopa kuitha, ndipo sagulitsa ngakhale atamugwadira. Loris anabwereka ina ya mtundu womwewo kwa mnzake wina. Mkuluyo anangoti, "Iyo ndi ya eni, ikupita kwina."

Amene anapeza njira ndi Nerina, ndipo sinali yokoma. Anawauza bambo ake kuti n'zochititsa manyazi kuti mlendo wa magetsi uja akhale ndi njala m'nyumba ya a Cavedoni, komanso mlendo sadya yekha. Pamenepo mkuluyo anadzuka. Kwathu kuno ku Modena ulemu wa patebulo ndiwo umatsiriza kufa.

Mpaka lero Loris amabwera Lamulungu lililonse, ndipo amakhala pampando wa alendo. Kubwalo la mpikisano Wainer samuonanso n'komwe, Loris amamusiya kutali. Koma patebulo bambo ake amamuthirira vinyo mwaulemu wopatsa munthu wachilendo.

"Idyani, bambo a magetsi, musachite manyazi. Mukanamuona mwana wanga! Wamakani ngati ine ndemwe. Amachedwa, galimoto yake ndi yovuta, koma akamabwera phiri lonse limadziwa."

"Akanakhala kuti wafika kale, bambo?" Loris anayesa tsiku lina, mawu ali pansi.

"Ndikanamumva," anatero a Oriano, natembenukira kuwindo. "Nerina, umusungireko msuzi."

Loris anaweramira mbale yake. Galimoto yothamanga kuposa zonse za m'chigwa cha Modena inali panja, mwini wake ali patebulo la bambo ake, koma kwawo anali asanafikebe. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.