Ndani Akapepese kwa Yokoniya?

Kalekale, nthawi imene ana ankaphunzira kulemba ndi chala pafumbi chifukwa makope anali osowa, kuseri kwa phiri lina kunali sukulu ya pulaimale. Pasukulupo panali mnyamata wofatsa dzina lake Yokoniya. Mnyamatayu anathawa sukulu, ndipo ine ndikufuna inu mundiuze amene anamuthawitsa. Musandidule mawu, mukangana ndikamaliza.

Bambo ake a Yokoniya, a Chigwenembe, ndiwo anali ahedi pasukulupo, ndipo ankaphunzitsanso Chingerezi mu Sitandade 4. Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere: ankawerenga mzere umodzi mokweza, ana onse n'kubwereza mokuwa. Mzere wina, ana kubwerezanso. Mawa zomwezo, mkuja zomwezo. Ngakhale mafunso amene amalembedwa m'munsi mwa nkhani, ana ankaloweza pamodzi ndi mayankho ake. Pofika kumapeto kwa chaka mwana ankatha kunena buku lonse maso ali kudenga. Odutsa pamsewu ankaima n'kumati, "Koma ana awa amathyola Chizungu!" Kuthyola ankathyoladi, koma ukamufunsa mwana kuti wanenazo n'chiyani, ankangokanda m'mutu.

Amene anayamba kudandaula ndi mayi wina wamasiye, Nasibeko, wogulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu. Mwana wake mmodzi yekhayo, Elube, anali m'kalasi momwemo, ndipo ankagwirizira buku limodzi ndi Yokoniya poti mabuku anali ochepa. Tsiku lina pamsonkhano wa makolo, Nasibeko anaimirira.

"Ahedi, pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero Nasibeko. "Koma mwana wangayu amandiimbira Chizungu tsiku ndi tsiku ngati wailesi. Ndikamufunsa kuti m'nkhanimo mukuchitika chiyani, akuti sakudziwa. Kodi kuwerenga kwake n'kumeneku?"

Makolo ena anang'ung'udza movomereza. Ahedi anamwetulira, nati aziona. Iii, kumwetulira kumene kuja! Munthuyo anali atapsa mtima mpaka m'makutu.

Pasukulupo panali mwambo woti tsiku lotsekera teremu, makolo ankasonkhana pabwalo ndipo zotsatira za mayeso zinkalengezedwa pagulu, wokhoza n'kumuombera m'manja, wolephera n'kumukuwiza. Tsikulo litafika, ahedi anaitana Elube kutsogolo. Sanamupatse buku la kalasi yake, ayi. Anamupatsa la Sitandade 7, limene mwanayo anali asanalimvepo n'kamodzi komwe.

"Amayi ako akuti sitiphunzitsa," anatero ahedi. "Tawerenga apa, anthu amve."

Elube anayang'ana tsambalo. Sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Misozi inagwera pabuku.

"Mwaona, mayi?" ahedi anakweza mawu. "Mwana wanu ndi wouma mutu. Musamanamizire aphunzitsi."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Ana anayamba kumuitana Elube kuti Woumamutu, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kuchitsime. Ine ndikunena pano, chimene anachita bambo amene uja chinali nkhanza. Mkulu wathunthu kubwezera pa kamwana!

Nasibeko sanalire. Anatula beseni la zitumbuwa pansi, naloza ahedi ndi chala, ulemu wonse atautaya. "Iwe Chigwenembe, wandilizira mwana pagulu. Ndikapanda kukuliza nawenso pagulu, ine si Nasibeko."

Kutsidya kwa mtsinje kunali kasukulu kena, ndipo kumeneko kunali mphunzitsi, Mayi Lunguzi. Mayiwa kale ankaphunzitsa pansi pa a Chigwenembe. Ahedi anakawanenera kwa akuluakulu kuti ndi aulesi, poti m'kalasi mwawo simunkamveka kukuwa, ndipo anawasamutsira kutsidyako kumene kunalibe ngakhale nyumba ya mphunzitsi. Ankagona m'kachipinda kosungiramo makasu. Choncho Nasibeko atafika ndi Elube n'kufotokoza zonse, Mayi Lunguzi anaseka pang'ono.

"Musiyeni kuno mwanayu," anatero. "Bambo amene uja nanenso ndili naye chifukwa."

Tsono kuphunzitsa kokha, tisanamizane, mayiwa ankadziwa. Mawu atsopano sankangowatchula. Ankabwera ndi dengu, chingwe, khasu, botolo, n'kulemba dzina la chilichonse m'Chingerezi pakapepala, n'kumangirira pachinthucho. Mwana ankagwira chinthucho ndi manja, n'kutchula, n'kupanga nacho chiganizo chake. Mawu onena zochita, monga kudumpha kapena kubisala, ana ankatuluka panja kukadumpha ndi kubisala. Powerenga nkhani, ankaimitsa mwana pakati n'kumufunsa, "Ndani wachita zimenezi? Wachitiranji? Ukuganiza kuti kutsogoloku kuchitika chiyani? Ukanakhala iwe ukanatani?" Mwana akakumana ndi mawu achilendo, sankamuuza msanga tanthauzo. Ankati, "Yang'ana anzake amene ayandikana nawo, akuuza."

Masiku oyamba Elube ankangoti duu, kuopa kusekedwa. Kenako tsiku lina akuwerenga yekha anaseka mokweza. Aphunzitsi atamufunsa, anati, "Galu wa m'nkhaniyi wathawa ndi nsapato ya abusa!" Aka kanali koyamba kuti buku limuseketse. Kuyambira pamenepo ankawerenga chilichonse, matumba a feteleza, mabotolo a mankhwala, mapepala okulungira zitumbuwa.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikukuuzani nkhani yokoma. Koma akuluakulu awiriwa sankafuna mwana wodziwa kuwerenga chabe. Ankanola mkondo.

Chaka chilichonse sukulu ziwirizi zinkapikisana kuwerenga. Mwana wa sukulu imodzi ankawerenga nkhani, mwana wa sukulu inayo n'kumufunsa mafunso. Chizolowezi chinali choti wofunsa azingowerenga mafunso olembedwa m'munsi aja, ndipo n'chifukwa chake ana a Chigwenembe ankapambana chaka ndi chaka. Koma lamulo loti ufunse omwewo panalibe, ndipo Mayi Lunguzi ankadziwa zimenezi. Mpikisano utayandikira, aliyense mwa atatuwa anachita mbali yake.

A Chigwenembe anasankha mwana wawo yemwe kuti akaimire sukulu, pofuna kuti anthu akaone nzeru za m'nyumba mwawo. Yokoniya anawachonderera. "Ababa, ine ndimangoloweza. Zimene ndimanenazo sindizimva." Bambo akewo anamukalipira. "Khala chete! Ukanene zimene ndinakuphunzitsa, basi."

Mayi Lunguzi anamukhazika Elube pansi. "Mafunso a m'munsiwo usakawakhudze. Ukafunse ako, ndipo ukamuuze kuti ayankhe m'Chichewa." Elube anati, "Koma aphunzitsi, akuti wowerenga ndi Yokoniya. Iye uja sanandiseke tsiku lija." Mayiwo anayankha, "Sitikulimbana ndi iyeyo. Tikufuna bambo ake."

Nasibeko anayenda midzi yonse ya tsidya lino ndi tsidya ilo, khomo ndi khomo, kuitana anthu. "Bwerani mudzaone, zitumbuwa ndigawa ulere." Ankafuna kuti aliyense amene anaseka mwana wake adzakhalepo, ndi ena owonjezera.

Tsikulo bwalo linadzaza, ena anakwera m'mitengo. Yokoniya anaimirira atavala yunifomu yositidwa bwino, nawerenga nkhani ya mtsikana amene anapita kumsika ndi dengu la mazira n'kubwerera panjira. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Anthu anaomba m'manja, ahedi chifuwa chili patsogolo.

Kenako anaimirira Elube. Yokoniya atamuona anamwetulira, poti anali mnzake wogwirizira naye buku. Elube anazengereza. Anacheuka, naona maso a amayi ake ali psuu, naonanso Mayi Lunguzi akugwedeza mutu kuti yamba.

"Yokoniya," anatero Elube motsitsa, "tiuze m'Chichewa. N'chifukwa chiyani mtsikanayu anabwerera panjira?"

Mnyamata uja anasokonezeka. Anangotulutsa yankho loyamba limene analoweza, m'Chingerezi, lonena kuti dengu linali lofiira. Aphunzitsi ndi ana a kutsidya anayamba kuseka, ndipo osamva Chingerezi atauzidwa, nawonso anaseka.

Elube anayandikira, naloza liwu limodzi pabukupo. "Nanga liwu ili likutanthauza chiyani?"

Liwulo linali lonena mlatho, mlatho umene unakokoloka n'kumubweza mtsikana uja. Yokoniya anali atalitchula kambirimbiri, koma sankadziwa kuti ndi mlatho. Anayang'ana bambo ake. Anayang'ana pansi. Anayamba kulira.

Pamenepo Nasibeko anadumphira pakati pa bwalo, nthungululu ili pakamwa, chitenje atamanga m'chiuno, n'kumavina. "Wouma mutu ndi mwana wa yani lero? Ahedi, tayankhani! Ndi mwana wa yani?" Mayi Lunguzi sanavine, anangopinda manja n'kumayang'ana a Chigwenembe osaphethira. Mitima ya akazi awiriwa inazizira tsiku limenelo, ndipo sanabise.

Ahedi manyazi anawagwira. Anapita pamene panali mwana wawo n'kumuwaza mbama anthu onse akuona. "Wandivula pagulu, chitsiru iwe!"

Yokoniya anataya buku, nadutsa pakati pa anthu, n'kuthawa osacheuka. Anakafika kwa amalume ake, a Zakeyu, kumudzi wa kuseri kwa dambo, ndipo anayamba kuweta ng'ombe. Ana a m'mudzimo akamuona ankakuwa, "Dengu lofiira! Dengu lofiira!" Sukulu itatsegulira, iye sanapite. A Zakeyu anamunyengerera, anamuopseza, koma mnyamatayo ananena mawu amodzi okha.

"Malume, kusukulu ndidzabwerera tsiku limene wondilakwira adzabwere kuno kudzandipepesa."

"Wakulakwira ndani, mphwanga?" anafunsa a Zakeyu.

"Akudzidziwa yekha."

Elube atamva, anapita yekha kudambo, nagwada pa udzu akulira. Yokoniya anamudzutsa. "Iwe ayi, Elube. Iwe anachita kukutuma. Pita uziwerenga." Mtsikana uja anabwerera mtima uli wosweka, mphoto imene anapambana pampikisano uja osafuna n'kuiona komwe.

A Zakeyu anatenga ndodo yawo n'kuyendera akuluakulu atatu aja mmodzimmodzi.

A Chigwenembe anati, "Alamu, ine ndikapepese mwana wobala ndekha? Mbama ija ndi ya kholo, nanenso ndinakulira zomwezo. Ndamudyetsa, ndamuveka, ndamuphunzitsa monga anandiphunzitsira ine. Akazi awiri aja ndiwo anamutchera msampha mwana wosalakwa. Pitani kwa iwowo."

Mayi Lunguzi anati, "Ine ndalakwa chiyani, bambo? Ndaphunzitsa mwana kumva zimene akuwerenga, ndiyo ntchito yanga. Funso lija linali loona, ndipo mwana aliyense wa Sitandade 4 anayenera kuliyankha. Tsopano makolo onse adziwa kuti ana awo ankangokuwa, ndipo ena ayamba kuphunzitsidwa bwino. Sindinamumenye ine, sindinavine ine."

Nasibeko anati, "Pamene mwana wanga ankalira pabwalo lomwe lija, anabwera ndani kudzapepesa? Inu a Zakeyu munalipo, ndipo munaseka nawo, ndinakuonani. Ine ndinalumbira masana anthu akumva, ndipo ndachita zimene ndinalumbira. Mnyamatayo ndikumumvera chisoni, koma amene anayamba ndi bambo ake. Akayambe iwowo kudzagwada kwa Elube."

A Zakeyu anabwerera okha. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anzake analemba mayeso n'kupita kalasi ina, Yokoniya ali pambuyo pa ng'ombe. Tsiku lililonse ankakhala pachulu choyang'ana njira yochokera kusukulu, ndipo munthu akatulukira patali ankaimirira kuti aone ngati ndi iyeyo.

Ine pamenepa ndiye ndagoma, ndipo mtima ukundiwawa, chifukwa mwanayo akukula osadziwa kuwerenga pamene akuluakulu atatu aliyense akuloza mnzake. Tsono ndakupatsani inu. Bambo amene anamuphunzitsa kukuwa, n'kumukankhira kutsogolo akukana, n'kumumenya pagulu; mphunzitsi amene ananola funso akudziwa kuti likabaya mwana wosalakwa; mayi amene anaitana khamu lonse n'kuvina mwana wa mnzake akulira. Mwa atatuwa, ndani ayenera kutsika kudambo kukagwada pamaso pa Yokoniya?