Dokotala Wodana ndi Chigamba

M'chipinda chomwera tiyi cha madokotala a opaleshoni ya mtima munali ketulo yothyoka chogwirira, imene wina anaimanga ndi waya. Aliyense ankathira tiyi wake osadandaula, kupatula dokotala mmodzi amene anzake ankawatcha a Singano. Iwowa akaiona ketuloyo ankakwinya nkhope ngati alawa ndimu. Chigamba ankadana nacho kuchokera pansi pa mtima. Anthu amati anakula akuvala makabudula osiyidwa ndi akulu awo, osokedwasokedwa kumbuyo, ndipo atayamba kusoka anthu analumbira kuti ntchito ya manja awo sidzakhala yachigamba. Luso analidi nalo, tisawanamizire, ndipo iwo eni ankadziwa kuti ali nalo.

Tsiku lina m'mawa, tiyi asanazizire, kunabwera wodwala wamwadzidzidzi. Anali bambo wachikulire wometa tsitsi, amene makasitomala ake ankawatcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipankatsekeka. Anagwa ali pantchito, kasitomala atametedwa mbali imodzi yokha. Anati amva chinthu chikung'ambika m'chifuwa mpaka kumsana. Ngakhale ankawakankha pa bedi lamatayala thukuta lili kamukamu, anali akuyankhulabe, kupempha anamwino kuti atume munthu akamalizitse mutu wa kasitomala uja asanachititse manyazi shopu yawo.

Chithunzi cha m'chifuwa chinaonetsa vuto lonse. Mtsempha waukulu wochoka kumtima umakwera pang'ono, kenaka umakhota ngati chogwirira cha ambulera n'kutsikira kumimba. Pokhotapo madokotala amapatcha uta, ndipo pamenepo pamaphuka mitsempha itatu yopititsa magazi kumutu ndi kumikono. Mwa a Wailesi, khungu lam'kati la mtsemphawu linali litang'ambika pafupi ndi mtima. Magazi analowa pong'ambikapo n'kuyamba kusenda khoma la mtsempha, kudutsa pa uta mpaka kumunsi. Munthu wotere sauzidwa kuti abwere mawa.

Akusamba m'manja, a Singano anapezana ndi dokotala wogoneka odwala, mayi wofatsa amene onse ankawatcha Mayi Tulo. Awiriwa anali atagwira ntchito limodzi kwa zaka zambiri.

"Achimwene, mwaganiza zotani?" anafunsa Mayi Tulo.

"Tichotsa uta wonse, achemwali. Tiika paipi yansalu m'malo mwake, mitsempha itatu ija tiilumikiza umodziumodzi. Akadzuka, nkhani yatheratu."

"Koma pong'ambika pali pafupi ndi mtima. Uta sunatupe, ndipo magazi akufika bwino kumutu. Bwanji osangodula pong'ambikapo, kusoka m'munsi mwa uta, n'kutuluka? Zotsalazo tidzaziona khoma likalimba, munthu atapeza mphamvu."

"Ndiye kuti chigamba."

"Chigamba chomwecho, koma munthu n'kupita kwawo."

"Kuti adzabwerenso tidzawatsegule kachiwiri? Ine sindisiya ntchito yatheka ngati mutu wa kasitomala wawo uja."

Mayi Tulo anaseka pang'ono, koma maso awo sanaseke nawo. "Inu mumayang'ana mtsempha, ine ndimalondera mutu. Ubongo sudikira munthu, achimwene, ngakhale munthuyo akhale inu."

Kunena chilungamo, maganizo a a Singano sanali opusa. Alipo odwala amene uta wawo umakhala utang'ambika kapena kutupa, ndipo palibe kuchitira mwina koma kuuchotsa wonse. Kungoti a Wailesi sanali mmodzi wa iwo, ndipo a Singano ankadziwa zimenezo. Chimene chinkawakoka chinali chithunzi chimene chidzatuluke pambuyo pake, chosalala, chopanda chilema.

Pakhomo la chipinda cha opaleshoni panaima akazi awo a wodwalayo, atapanira m'khwapa epuloni ya amuna awo imene inali idakali ndi tsitsi la anthu.

"Adokotala, ine za mitsempha sindizidziwa," anatero. "Mungondibwezera bambowa mmene alili, ndi phokoso lawo lomwe. Kuyambira tsiku la ukwati ndakhala ndikuwauza kuti akhale chete, koma lero ndabweza mawu."

"Musadandaule, mayi. Tiwakonzeratu kamodzi n'kamodzi," anayankha a Singano.

Kuti munthu asoke pa uta, magazi amayenera kuima. Choncho amalumikiza wodwala ku makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, n'kuziziritsa thupi lonse mpaka lizizire ngati madzi a mu mtsuko, kuti ziwalo zisafune mpweya wambiri. Kenaka amaimitsa makinawo, n'kusiya timapaipi ting'onoting'ono tokha todonthezera magazi kuubongo kudzera m'mitsempha ya pakhosi. Kuyambira pamenepo, kanthawi kalikonse ndi kobwereka.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Manja a a Singano ankayenda mwakachetechete, ndipo paipi yansalu inakhala pamalo pake ngati inabadwira pomwepo. Mtsempha woyamba unalumikizika. Vuto linadza pa wachiwiri, wopita kumanzere kwa mutu. Khoma lake linali lofewa ngati pepala lonyowa, ndipo ulusi uliwonse umene ankakoka unkangoling'amba. Anadula pang'ono n'kuyambiranso, koma linang'ambikanso. Kuti apeze pabwino posoka, anayenera kuchotsa kapaipi kamene kankadyetsa mbali imeneyo ya ubongo.

"Mpweya ukutsika kumanzere," anatero Mayi Tulo, maso ali pa makina olumikizidwa pamphumi pa wodwalayo.

"Ndatsala pang'ono."

"Ukutsikabe, achimwene."

Mayi Tulo sanakalipe, ndipo a Singano anapitiriza kusoka. Kubwerera kunali kosatheka, pakuti uta wakale unali kale m'mbale yachitsulo. Anasoka mpaka anamaliza, magazi anayambanso kuyenda, thupi linafunda, ndipo mtima unagunda wokha bwinobwino. Panalibe ndi dontho lomwe lotuluka pamsoko.

A Wailesi anadzuka patapita masiku. Anatsegula maso, anawazindikira akazi awo, misozi n'kulengeza. Koma atati ayankhule, milomo inangogwedera. Dzanja lamanja, lija logwira lumo, linagona pabedi osamva kanthu. Mbali ya ubongo imene imasunga mawu ndi kulamula dzanjalo inali itadikira nthawi yaitali kuposa mmene ikanathera.

Patatha miyezi ingapo, akazi a wometa uja anabwera nawo amuna awo pa njinga ya olumala kudzaonedwa. A Singano anayatsa chithunzi chatsopano pakompyuta. Chinali chokongoladi: uta wosalala, mitsempha itatu ili chilili, popanda potupa kapena pokhwinyata. Madokotala achinyamata anali atabwera kale kudzachisirira.

"Mtsemphawu sudzavutanso moyo wawo wonse," anatero a Singano motsitsa mawu.

Mayiwo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali mwaulemu. "Chakongola, adokotala. Zikomo kuti ali moyo, zimenezo sindingaiwale. Kungoti kunyumba kuja kwazizira. Ndimayatsa wailesi yeniyeni, koma siindiyankha."

Nthawi yonseyi a Wailesi sankayang'ana chithunzi ayi. Maso awo anali pamutu pa dokotala. Anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, natambasula zala ziwiri, n'kumazitsegula ndi kuzitseka ngati sizasi. Anayesa kutulutsa mawu, khosi linatupa, koma chinatuluka ndi mpweya wokha.

"Akuti tsitsi lanu lakula," anamasulira akazi awo. "Akanakhala bwino akanakumetani ulere, koma mukanatuluka makutu akuwawa."

A Singano anagwira dzanja lamanzerelo ndi manja awo onse awiri. Anamva chisoni chachikulu ndi manyazi.

Atawaperekeza mpaka pakhomo, analowa m'chipinda chomwera tiyi. Mayi Tulo anali momwemo, koma sananene kuti ndinakuuzani, anangowasunthira kapu. A Singano ananyamula ketulo ija pogwirira pa waya n'kuthira tiyi wotentha bwino, ndipo nkhope yawo sinakwinyike.

Opaleshoni yachiwiri imene ankaiopa ija ikanabwera pa nthawi yake, kapena osabwera n'komwe, ndipo a Wailesi akanalowamo akusimba nkhani. Koma dokotala wathu anafuna zokongola zonse tsiku limodzi, naiwala kuti choyamba ndi munthu woti adzazivale. Paja akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.